Thupi Likuwawa Koma Chipatala Sichikupeza Matenda: Zoti Banja Lidziwe pa Mankhwala a Maganizo

Mabuku ena a kuchipatala amadzaza msanga kuposa anzake. Buku lotere likatsegulidwa, tsamba lililonse nkhani imakhala yomweyomweyo: mutu, kuphwanya kwa thupi, mtima kuthamanga, chizungulire. Pambali palembedwa kuti magazi ayezedwa ndipo malungo sanapezeke. M'munsi mwake Panado. Mwezi wotsatira Brufen, kenaka mavitamini, kenaka Panado kachiwiri. Zolembazo ndi za manja osiyanasiyana chifukwa mwini bukulo wayenda ndithu: kuchipatala chaching'ono cha kwawo, cha mishoni, cholipira cha pa boma. Maulendo ena salembedwa n'komwe, a kwa sing'anga ndi a kumapemphero a kuphiri, ndipo mbuzi ndi matumba a chimanga zathera m'njira zimenezi.

Pakhomo anthu amagawikana. Ena amati izi ndi za anthu, chipatala sichingazione. Ena akatopa amayamba kunong'onezana kuti ndi ulesi, munthuyu akuthawa khasu. Wodwalayo amamva zonsezi ali chigonere m'nyumba, ndipo mutu uja umangowonjezera kuwawa.

Ululuwo ndi weniweni

Anthu otere alipo ochuluka, ndipo si kuno kokha. Mu 1999 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa zotsatira za kafukufuku wa bungwe la WHO amene anachitika m'malo 15 a m'maiko 14, kuyambira ku Ibadan m'dziko la Nigeria mpaka ku Manchester, Bangalore ndi Seattle. Mwa anthu 1,146 amene anapezeka ndi matenda ovutika maganizo, 69 pa 100 alionse anafika kwa dokotala akudandaula za m'thupi zokhazokha. Mayi wa ku Ntcheu amene amangoti "Adokotala, thupi lonseli likuphwanya" akuchita zimene anthu a m'mizinda ikuluikulu ya kunja amachitanso.

Momwe maganizo amafikira m'thupi aliyense anazimvapo. Munthu akamva chitseko chikugwedezeka pakati pa usiku, mtima umagunda mofulumira, m'kamwa mumauma, m'mimba mumabwadamuka, minofu imakungika. Thupi latulutsa adrenaline kuti mwini wake athawe kapena alimbane. Akazindikira kuti inali mphepo, zonse zimabwerera mwakale. Koma ngongole ya katapila sichoka m'mawa kukacha. Maliro a mwana, nkhanza za m'banja, ntchito imene yatha, fizi ya ana, zimenezi zimagona ndi munthu ndi kudzuka naye miyezi yambirimbiri, ndipo thupi silipeza mpata womasuka. Minofu ya m'khosi ikakungika tsiku lonse, mutu umawawa ngati wamangidwa. Kupuma mofulumira ndi mosafika pansi kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. M'mimba mumaotcha, munthu n'kumati ali ndi zilonda za m'mimba. Tulo tikasowa, kaululu kakang'ono kamamveka kakakulu. Makina oyezera magazi sangaone chilichonse mwa zimenezi, komabe wodwalayo sakunama ngakhale pang'ono.

Izi sizikutanthauza kuti kuwawa kulikonse kosadziwika bwino kukankhiridwe ku maganizo. Dokotala wosamala amayamba wayeza malungo, kuchepa kwa magazi, HIV, TB, shuga ndi BP, amaona khosi ngati pali chithokomiro, amafunsa za pathupi ndi za mankhwala ena amene munthuyo akumwa. Kuonda kosadziwika chifukwa chake, kutentha thupi kosatha, kutuluka thukuta usiku, chifuwa cha masabata, magazi m'chimbudzi kapena mu mkodzo, chotupa, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, zonsezi zimafuna kufufuzidwa mpaka gwero lake lipezeke. Ngakhale munthu amene anauzidwa kale kuti vuto lake ndi la maganizo, akaona chizindikiro chatsopano abwerere akayezedwenso, pakuti wovutika maganizo amadwalanso malungo ngati wina aliyense.

Zoyeza zikatuluka bwino, mafunso amasintha. Kodi kwa masabata awiri kapena kuposerapo mtima wakhala wosweka pafupifupi tsiku lililonse? Zimene ankakonda, kwaya, bawo, kucheza pa mjigo, zikumukomerabe? Akugona bwanji, akudya bwanji? Amadziona ngati wopanda pake? M'zipatala zina za m'Malawi anamwino amagwiritsa ntchito pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9, limene linamasuliridwa m'Chichewa ndi kuyesedwa konkuno. Mayankho ake ndiwo amathandiza kuona ngati mapiritsi akufunika. Malangizo a WHO amanena kuti matenda akakhala ocheperako, chithandizo choyamba chikhale uphungu, ndiponso kuti munthu amene thupi likumuwawa koma alibe matenda ovutika maganizo asangopatsidwa mapiritsiwa kapena jakisoni wa mavitamini pofuna kuti achoke pamzere.

Mapiritsi awiri amene amapezeka kwambiri

M'zipatala za boma mankhwala amene wodwala amapatsidwa kawirikawiri ndi amitriptyline, nthawi zina fluoxetine. Amitriptyline ndi wakale, anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1961. Ambiri amamudziwa kale mosazindikira, chifukwa ndi kapiritsi komwe kaja kamene odwala shuga ndi ena omwa ma ARV amapatsidwa mapazi akamaotcha usiku. Amatha ntchito ziwirizi chifukwa serotonin ndi noradrenaline, zimene mankhwalawa amazichulukitsa pakati pa minyewa, zimakhudza momwe munthu akumvera mumtima komanso zimachepetsa uthenga wa ululu umene umadutsa mu msana kupita ku ubongo. Fluoxetine anabwera pambuyo, analoledwa ku America mu 1987 ndipo anatchuka ndi dzina loti Prozac.

Chovuta chachikulu pa mankhwala onse awiriwa ndi dongosolo la nthawi. Zovuta zake zimafika tsiku loyamba kapena lachiwiri, pomwe phindu lake limayamba kuoneka pakatha masabata awiri mpaka anayi, mwinanso asanu ndi limodzi. Zili ngati feteleza: chimanga sichibiriwira tsiku lothira. Mabanja ambiri amataya chithandizo m'masabata awiri oyambirirawa. Munthu anapita kuchipatala ndi chizungulire, wabwerako ndi mapiritsi amene akumupatsanso chizungulire, ndiye apongozi akanena kuti "Mankhwala amenewa sakukuyanjani, asiyeni," ndani angawatsutse? Banja limene lauzidwiratu zimenezi limapirira, ndipo kuuzidwiratu kumeneku ndi ufulu wa wodwala. Ngati dokotala wafulumira chifukwa cha kutalika kwa mzere, womuperekeza afunse asanatuluke m'chipindamo.

Amitriptyline amayamba ndi piritsi limodzi la 25 mg usiku, ndipo dokotala amawonjezera pang'onopang'ono. M'mawa woyamba munthu amadzuka mutu uli wolemera, maso akukana kutseguka, lilime litauma gwa. Amene anazolowera kulawirira kumunda nkhuku zisanatsike amapezeka dzuwa lamutulukira ali pamphasa. Tulo timeneti timachepa pakapita masiku, ndipo kumwa piritsilo kukangoda, ola limodzi kapena awiri asanakagone, kumathandiza kuti m'mawa mutu upepukeko. Wa kabaza, woyendetsa minibasi ndi wogwira ntchito pa chigayo amuuze dokotala za ntchito yake asanayambe kumwa, ndipo asagwire chiwongolero kapena makina masiku amene akuwodzera. Mowa, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, umawirikiza tuloto, komanso umakulitsa matenda amene akuchizidwawo.

Kuuma m'kamwa kumafuna kabotolo ka madzi pafupi, kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Maswiti amathandiza kwa kanthawi koma amaononga mano, chifukwa malovu amene amateteza mano achepa. Kudzimbidwa kumagonja ndi madzi, ndiwo zamasamba, papaya, nsima ya mgaiwa ndi kuyendayenda. Ena amaona mwachimbuuzi akamawerenga kapena kulowetsa ulusi pa singano. Ena amanenepa chifukwa njala imawonjezeka.

Chofunika kuchisamala kwambiri ndi chidima chimene chimagwira m'maso munthu akadzuka mofulumira, chifukwa mankhwalawa amatsitsa BP poimirira. Kwa agogo amene amatuluka usiku kupita kuchimbudzi cha panja, mumdima, pabwalo pali miyala ndi zitsa, kugwa kumodzi kungathe kuthyola fupa la m'chiuno. Ayambe akhala tsonga kanthawi, kenaka aimirire atagwira khoma, ndipo tochi ikhale kumutu kwa mphasa. Pa chifukwa chimenechi ndi zifukwa zina madokotala sakonda kupereka amitriptyline kwa okalamba kwambiri, kwa odwala mtima, kwa odwala khunyu, ndi kwa abambo amene mkodzo umawavuta kale kutuluka.

Fluoxetine amabwera m'makapisozi a 20 mg ndipo khalidwe lake ndi losiyana. Sagonetsa kwenikweni, ena amawasowetsa tulo, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Nseru, mutu, kutsekula m'mimba pang'ono, thukuta ndi kusafuna chakudya zimabwera sabata yoyamba, ndipo kwa ambiri zimatha zokha pofika sabata yachiwiri. Kumwera pa phala kumachepetsa nseru. Ena masiku oyambirira amamva kusakhazikika, mtima uli m'mwamba kuposa kale. Zimenezi nazo zimadutsa, koma zikafika poti munthu sangathe kukhala pansi, abwerere kuchipatala osadikira tsiku limene analemberedwa.

Pali vuto lina limene odwala sanena ndipo madokotala safunsa kawirikawiri, la kuchipinda. Mankhwala onse awiri, makamaka fluoxetine, angathe kuchepetsa chilakolako, kuchedwetsa bambo kumaliza kapena kumufooketsa, ndi kumulanda mayi kukoma kwake. Mosiyana ndi nseru, ili silifulumira kuchoka. M'banja limene nkhaniyi sinakambidwe, mayi amayamba kuganiza kuti bambo a kunyumba apeza wina, kapena bambo amati mkazi wawo wawatembenukira, mpaka nkhani kufika kwa ankhoswe pomwe gwero lake lili m'kapepala ka mapiritsi. Matenda ovutika maganizo paokha amachepetsanso chilakolako, choncho ena amaona kusintha kwabwino akayamba kuchira. Kumene vutoli lapitirira, dokotala angathe kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala, koma sangachite kanthu pa zimene sanauzidwe. Mankhwala a pamsika owonjezera mphamvu za abambo asalowe m'malo mwa ulendo wa kwa dokotala.

Matenda kapena mankhwala?

Apa ndi pamene pamasokoneza. Mutu, chizungulire, nseru, kutopa ndi kugunda kwa mtima zili pa mndandanda wa zovuta za mankhwala, koma ndi zomwezonso zimene zinamutengera munthuyo kuchipatala. Wodwala amene wakhala miyezi akumvetsera thupi lake amazindikira kakusintha kalikonse, ndipo mantha amakakulitsa. Pa kafukufuku wa mankhwala, anthu ena amapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala alionse m'kati mwake iwo osadziwa, ndipo ambiri mwa iwo amadandaulabe mutu ndi nseru. Kuyembekezera choipa pakokha kumatha kudwalitsa thupi.

Njira yothandiza ndi yotsika mtengo: kope ndi cholembera. Tsiku loti ayambe kumwa, piritsi loyamba lisanalowe m'kamwa, wodwala kapena mwana wa sukulu wa pakhomopo alembe zonse zimene zikumuvuta, chilichonse pa mzere wake, ndi kukula kwake kuyambira 1 mpaka 10. Mutu 8. Kugona, maola atatu. Dzanzi m'manja 6. Kumunda, sakupita. Pakatha sabata iliyonse alembenso. Chimene chinalipo kale piritsi lisanamwedwe si mlandu wa piritsilo. Chimene chabwera chatsopano m'masiku oyambirira, monga kuuma m'kamwa, n'kutheka kuti ndi cha mankhwala, ndipo kopelo lidzaonetsa ngati chikuchepa. Limaonetsanso kuchira kumene mwini wake sakuona, chifukwa kawirikawiri a pakhomo ndiwo amayamba kuzindikira kuti mayi ayambanso kusesa pabwalo ndi kuseka ndi adzukulu, iwo akunenabe kuti palibe chasintha. Tulo ndi chilakolako cha chakudya zimabwerera msanga, kuwawa kwa thupi kumatsalira m'mbuyo. Pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi manambala osasuntha, kopelo lipite nawo kwa dokotala kuti aone zowonjezera mlingo kapena kusintha mankhwala.

Zosadikira kuti kuche

Zizindikiro zina sizofunika kupirira. Kukomoka, kupweteka pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha, kugwa khunyu, mkodzo kukanikiratu kutuluka, diso kufiira ndi kuwawa mwadzidzidzi, zidzolo thupi lonse kapena kutupa kwa nkhope ndi milomo, maso achikasu, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, zonsezi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Wokalamba amene wayamba kusokonezeka mutu atayamba mankhwalawa nayenso apite msanga. Kutentha thupi kobwera pamodzi ndi kunjenjemera, thukuta ndi kubalalika kungafanane ndi malungo, koma kwa womwa fluoxetine kungakhale kuchuluka kwa serotonin, makamaka ngati wamwanso tramadol. Ndipo ngati munthu amene anali wofooka wasanduka wosagona usiku wonse koma osatopa, wolankhula mosalekeza, womwaza ndalama ndi kulonjeza zazikulu, banja lisasangalale kuti wachira. Amenewo angakhale matenda ena a maganizo amene mapiritsiwa awadzutsa, ndipo chithandizo chake ndi china.

Nkhani yolemera kuposa zonse ndi ya maganizo ofuna kudzipha. Matendawa paokha amabweretsa maganizo otere. Kuwonjezera apo, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza mu 2004 kuti mwa ana ndi achinyamata maganizowa angathe kukula m'masabata oyambirira a mankhwala, ndipo mu 2007 chenjezolo linafikira onse osakwana zaka 25. Choncho mwezi woyamba wodwala asasiyidwe yekhayekha. Kumufunsa mosabisa kuti "Achimwene, kodi mumaganizapo zodzichotsera moyo?" sikumuika maganizowo m'mutu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, wina akhale naye ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima, ndipo kwa mwana wamng'ono mapiritsi ochepa okha ndi oopsa. Asakhale pawindo kapena m'thumba la jekete. Munthu wamkulu mmodzi wodalirika awasunge pokhoma ndi kumapereka mlingo wa tsikulo, ndipo mankhwala a kumunda ndi a makoswe akhomeredwenso. Wina akamwa ambiri, mwangozi kapena mwadala, athamangire naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwinobwino, atatenga kapepala ka mapiritsiwo. Kumusanzitsa kapena kumumwetsa mkaka kumangotaya nthawi.

Mankhwala ena amene ali m'nyumba ndi ofunikanso kuwatchula. LA wa malungo amachedwetsa thupi kuchotsa amitriptyline, ndipo onse awiri amakhudza kagundidwe ka mtima, choncho wopezeka ndi malungo anene kuti akumwa amitriptyline kuti dokotala asankhe chochita. Malungowo achizidwe ndithu, asalekedwe. Rifampicin wa m'mankhwala a TB amafooketsa mphamvu ya amitriptyline. Brufen, aspirin ndi diclofenac zikaphatikizana ndi fluoxetine zimawonjezera chiopsezo chotaya magazi m'mimba, ndipo anthu a thupi lophwanya ndi amene amagula mapiritsi amenewa pa okala pafupipafupi. Womwa ma ARV apitirize osadumphitsa, angoonetsa mabuku onse awiri, la ma ARV ndi la mankhwalawa, kumbali zonse ziwiri. Za zitsamba nazonso dokotala auzidwe popanda manyazi.

Mapiritsi sabweza ngongole

Mankhwala amachepetsa kulemera kwa matenda, koma chimene chinamugwetsa munthuyo chimakhala chilipobe. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu magazini ya JAMA mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pa benchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za ku Lilongwe. Pakhomo, zofanana nazo ndi kumumvetsera wodwala osamudula ndi malangizo, ndi kumubwezera ku ntchito pang'onopang'ono, mizere iwiri lero, itatu mawa. Kumugoneka m'nyumba tsiku lonse pomumvera chisoni kumalimbitsa ululu. Mapemphero ndi mapiritsi sizilimbana, ndipo mtsogoleri wa mpingo amene amauza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro akuika moyo wa munthuyo pachiswe.

Kulandira mankhwalawa sikutanthauza misala, ndipo ambiri safunika kugonekedwa. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino kapena madokotala ophunzira za maganizo. Pofunika akatswiri pali Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Kusiya kwake

Munthu akapeza bwino amafuna kusiya, koma malangizo ndi oti apitirize kwa miyezi yosachepera 6 atachira, chifukwa kusiya msanga kumabweza matenda. Mankhwalawa sapatsa chibaba ngati fodya, komabe thupi limawazolowera, ndipo kuwadula mwadzidzidzi kungabweretse chizungulire, nseru, maloto oipa, kukwiya msanga ndi kumva ngati magetsi akugwira m'mutu. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu The Lancet Psychiatry mu 2024 anapeza kuti anthu 31 pa 100 alionse anamva zotere atasiya mankhwala, pomwe 17 pa 100 anazimvanso atasiya mapiritsi opanda mankhwala aja. Zoopsa kwambiri zinagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 35. Fluoxetine savutitsa kwambiri posiya chifukwa amachoka m'thupi mochedwa. Dokotala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata angapo, ndipo amene wamwa zaka amafunika nthawi yotalikirapo.

Mayi amene wazindikira kuti ndi woyembekezera, kapena akuyamwitsa, asasiye yekha. Apite akakambirane ndi dokotala, chifukwa matenda osachizidwa nawonso amavulaza mayi ndi mwana. Woiwala kumwa tsiku limodzi angopitiriza mlingo wa tsiku lotsatira, asamwe awiri pofuna kubweza.

Kudukiza kwina sikuchokera kwa wodwala. Mankhwala amatha kuchipatala, mvula imadula mlatho, ndalama yoyendera imasowa. N'chifukwa chake ndi bwino kukatenga ena kudakali mapiritsi a sabata yathunthu. Akapezeka kuti atha, wodwala asangobwerera kunyumba: afunse ngati chipatala cha pa boma chili nawo, kapena alemberedwe kalata yokagulira ku famase yovomerezeka. Ngati zonsezi zakanika, dokotala amuuze momwe angatsitsire mlingo ndi mapiritsi amene atsala, ndipo tsikulo lilembedwe m'kope kuti chizungulire chikabwera pakatha masiku awiri kapena atatu, a pakhomo adziwe kumene chachokera.